Koleji ya Kuseri kwa Sitolo ya a Jamal

Anthu a pa Madisi amamudziwa Asiyatu m'njira ziwiri. Ogula sopo ndi mafuta a nyale amamuitana kuti amake Sadia, mkazi wa a Jamal a sitolo yoyang'anana ndi poimira minibasi. Ana a sukulu amati madamu a sayansi. Ine ndinamudziwa asanakhale chilichonse mwa ziwirizi, ali kamtsikana ka Sitandade 5 kovala kampango kobiriwira, kokonda kukhala pafupi ndi khomo kuti kaziona bwino pa bolodi.

Chimene ndimakumbukira za iye m'kalasi ndi mkono wake wamanzere. Ana athu polemba masamu amapinda mkono kuzungulira kope, mutu n'kuwerama, kuti woyandikana naye asaone kanthu. Ndi mmene tonse tinaleredwera. Asiyatu ankasiya kope lake pambalambanda, dzanja lamanzere lili pa tsaya. Ndikamudzudzula ankapepesa mwaulemu, mawa lake n'kuchitanso chimodzimodzi. Tsiku lina anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, Debora akaona samu yanga, kodi imachoka m'kope mwanga?" Ndinangomuuza kuti apitirize kulemba.

Mayeso a Sitandade 8 anakhoza bwino, koma dzina lake silinatuluke pa osankhidwa kupita kusekondale. Analowa sukulu yophunzira mwa makalata, ija ana ankasonkhana masana m'makalasi obwereka. Fomu 4 anakhozanso, koma malo a kuyunivesite anali ochepa, ndipo iye anatsala. Anakhala chaka akuyeza shuga ndi mchere mu sitolo ya bambo ake.

Kenaka kunabwera 1994. Boma latsopano litathetsa fizi kupulayimale, ana anatuluka m'midzi yonse ya m'mapiri muno ngati ngumbi mvula itagwa. Aphunzitsi tinachepa, ndipo boma linalemba achinyamata a Fomu 4 kuti agwirizire. Asiyatu anali mmodzi wa iwo. Kalasi yake yoyamba inali pansi pa mtengo wa mkuyu, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu. Anaphunzira uphunzitsi akugwira kale ntchito, anakwatiwa ndi a Jamal, anabereka Sadia ndi mlongo wake. Pamene sukulu za makalata zija zinasanduka masekondale oyendera, anamusamutsira kumeneko kukaphunzitsa sayansi, poti panalibenso wina.

Ntchitoyo ankaikonda, koma sankadzinamiza. Anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ine ndimatsogola ana anga ndi tsamba limodzi lokha. Mwana akafunsa za tsamba lachitatu, ndimamuuza kuti belu lalira." Ahedi ake anali atamuchenjeza kale, mosabisa, kuti akadzafika mphunzitsi wa pepala la kukoleji, kalasi ya sayansiyo adzaisiya. Kupita kukakhala kukoleji sakanatha. Ana anali aang'ono, apongozi ake odwala miyendo anali pakhomo pomwepo, ndipo malo enieniwo ankalimbiranidwa ndi aphunzitsi a dziko lonse.

Khomo linatseguka mu 2002, ndipo linatsegukira ku Lilongwe. A Jamal ankapita kumeneko kawirikawiri kukaoda katundu, nthawi zina ndi mkazi wawo. Mng'ono wawo Mahmud ankagwira ntchito m'chipinda china cha makompyuta, momwe anthu ankalipira kuti alowe pa intaneti. Asiyatu anali atakhala pa benchi kudikira amuna ake pamene Mahmud anamukodola.

"Alamu, bwerani muone kuno. Pali koleji ina ya kunja yayanika maphunziro ake pabwalo ngati mphale."

"Amagulitsa bwanji?"

"Sagulitsa."

"Ndiye ndi owola," anatero Asiyatu, mwana wa mu sitolo.

Koma anasendera, n'kuyamba kuwerenga. Anali maphunziro a aphunzitsi a sayansi a kumidzi, kumene kulibe nyumba yoyeseramo zinthu. Aliyense anali womasuka kuwerenga, kusindikiza, kusintha ndi kugawira ena. Wofuna satifiketi anayenera kuchita zinthu ziwiri. Choyamba, kupeza anzake awiri a m'dera lake kuti aziphunzira atatu pamodzi. Chachiwiri, pakutha pa chaka, aliyense alembe phunziro limene waliyesa m'kalasi mwake, afotokoze zimene zinayenda ndi zimene zinakanika, anzake awiri aja alembepo ndemanga zawo, ndipo zonsezo ziikidwe poyera pa tsamba la koleji kuti aphunzitsi a maiko ena aone. Gulu likapanda kutumiza zonse zitatu, palibe mmodzi wolandira pepala.

Tsiku limenelo a Jamal anabwerera ku Madisi ndi katundu wawo, ndipo mkazi wawo anabwerera ndi timadisiki tiwiri m'chikwama. Posakhalitsa anagula kompyuta yakale imene ofesi ina inkataya, n'kuiika m'chipinda chosungira katundu kuseri kwa sitolo, pakati pa matumba a mchere ndi makatoni a machesi.

"M'nyumba muno chilichonse chili ndi mtengo wake," a Jamal ankauza makasitomala, "kupatula chokhacho chimene chikudya magetsi."

Ankatero chifukwa Asiyatu sankasunga kanthu. Mphunzitsi aliyense wodutsa pa Madisi, kaya wabwera kuchipatala kaya kudzagula choko, ankatuluka ndi mapepala m'manja. Anzake ena ankamunong'oneza kuti akupusa. Wapeza chitsime yekha, bwanji osatunga kaye mpaka apeze pepala lake, ena adzamve pambuyo? Iye ankangoti, "Eni ake sanatseke. Ine nditseke monga ndani?"

Anzake awiri a gulu anawapeza mosavuta. Woyamba anali Agustino Chapotera wa ku Malomo, mnyamata wolongolola, wosachedwa kuseka. Wachiwiri anali a Yoswa Mkanda a ku Chisepo, bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya, amene anaphunzitsa zaka zambiri kupulayimale asanakankhidwire kusekondale ngati Asiyatu. Anagwirizana zokumana Loweruka. Agustino ndiye anagawa masiku: Lachisanu ndi la amake Sadia kumzikiti, Lamulungu ndi la Akhristu, Loweruka ndi la koleji. A Yoswa ankapalasa njinga ulendo wautali wa msewu wafumbi, koma ankafika oyamba, buluku atalimanga ndi mphira m'miyendo, mabuku ali m'pepala la pulasitiki. Pa atatuwo, iwo ndiwo ankamvetsa msanga. Chovuta chikawakanika ena, a Yoswa ankavula magalasi, n'kuchifotokoza pang'onopang'ono mpaka chilowe.

Miyezi inapita bwino chotero, mpaka inafika nthawi ya ntchito yomaliza ija. Asiyatu atawerenga malamulo ake mokweza, a Yoswa anatseka kope lawo n'kuikapo chikhatho.

"Kuwerenga limodzi ndinavomera," anatero. "Koma zolemba zanga aone mphunzitsi wa kukolejiko, basi. Zinayamba liti zoti ophunzira azichongana okhaokha?"

"Akuluakulu, mukuopa kuti tikuberani?" anaseka Agustino. "Dzanja lanu lija ndani angaliwerenge? Ngati nkhuku yapalasa pa dzala."

"Iwe mwana, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ndi wa mphepo."

"Koma bambo Mkanda," anatero Asiyatu, "mukapanda kuonetsa, tonse atatu tagwa."

"Alembereni kalata. Auzeni kuti kuno sitichita choncho."

Tisawaweruze msanga a Yoswa. Ife a msinkhu umenewo tinakula nthawi imene pepala lolemba ndi dzanja lako linkatha kukumangitsa, ndipo munthu ankayang'ana kaye kumbuyo asanalankhule. Mavoti a zipani zambiri anatsegula pakamwa, koma mkono wopinda pa kope sunawongoke tsiku lomwelo. Kusukulu nako malo anali ochepa, moti mnzako akakhoza ndiye kuti iwe watsala. Buku limodzi la mu laibulale linkasowa mayeso akayandikira, n'kudzapezeka m'denga la hositelo mayeso atatha.

A Yoswa anali ndi chilonda chawochawo pamwamba pa zonsezi. Ali Fomu 4, anabwereketsa mnzawo kope lawo la sayansi kutatsala pang'ono mayeso. Tsiku la mayesolo mutu unawagwira, maso n'kuchita chidima, ndipo anatuluka pepala lili theka. Mnzawo uja anakhoza n'kupita kuyunivesite. Kumudzi anthu sanavutike kupeza chifukwa. Anati kope lija linapita kwa sing'anga, nzeru za Yoswa zinasamutsidwa kudzera m'zolemba za dzanja lake. A Yoswa mukawafunsa ankati sakhulupirira zimenezo. Koma kuyambira chaka chimenecho, panalibe munthu amene anagwirapo kope lawo.

Asiyatu analembadi ku koleji kudzera mwa Mahmud. Yankho linabwera laulemu koma losagwedezeka. Kuonetsana ntchito ndiwo maphunzirowo, anatero, si chokometsera ayi. Anawonjezera kuti mwayi wa satifiketi yaulere unali wa chaka chimenecho, ndipo za chaka chotsatira sangalonjeze. Kusaka munthu wina wachitatu kunali kosatheka, poti mayina anali atalembedwa kuyambira pachiyambi. Nthawi yotumiza inali kutha kwa mwezi wa Meyi.

Asiyatu anaganiza zoyamba ndi iye mwini. Phunziro lake linali la zinthu zowawasa ndi zamchere wa phulusa, zimene mabuku amati asidi ndi alikali. Popeza mankhwala oyesera kusukulu kunalibe, anawiritsa maluwa a chidede. Madzi ofiira aja akathiridwa mandimu ankawala kwambiri, akathiridwa chidulo chophikira therere ankasanduka obiriwira. Ana anakuwa m'kalasi ngati aona matsenga. Analemba zonsezi ndi kunyada, n'kuzitumiza kuti ziikidwe poyera, osadikira anzake.

Ulendo wotsatira, a Jamal anabwera ndi yankho pa disiki. Mphunzitsi wina wa ku Kenya anali atawerenga. Anayamikira chidede, n'kunena kuti ayesa ndi maluwa a kwawo. Kenaka anafunsa mosapsatira kuti, m'kalasi ya ana ochuluka chotero, ndi angati anagwira botolo ndi manja awo? Monga mwalembera, anatero, mwayesa ndinu, ana angoonerera.

Asiyatu anandiuza kuti nkhope inamutentha. Anatuluka, anakaima kuseri kwa nyumba, anatukwana Mkenyayo mumtima. Atabwerera anawerenganso, n'kuona kuti munthuyo sananame. Anasindikiza ndemangayo, n'kuikhomera ndi msomali pa chitseko cha chipinda chophunzirira.

"Amake Sadia," anatero a Jamal atagwira m'chiuno, "anthu amakhoma satifiketi pakhoma. Inu mwakhoma chitonzo?"

"Satifiketi ikubwera, bambo. Ichi ndi chikole chake."

Loweruka limenelo anapatsa Agustino phunziro lakelo kuti alembepo ndemanga. Mnyamata wolongolola uja analuma cholembera nthawi yaitali, kenaka analemba kuti, "Zili bwino kwambiri mayi, pitirizani." Asiyatu anamubwezera pepalalo.

"Achimwene, iyi si ndemanga. Ndi moni."

"Nanga ndikunyozeni m'nyumba mwanu momwe, tiyi wanu ndikumwa?"

"Tiyiyo imwani. Mukamaliza mundiuze pamene palakwika."

A Yoswa anawerenga pepala la pa chitseko lija ataimirira, manja ali kumbuyo. Loweruka lotsatira sanabwere, linzake sanabwerenso. Anatumiza mawu ndi woyendetsa matola kuti fodya wawapanikiza, akusankha.

Tchuthi chitafika, Asiyatu anasiya ana kwa apongozi, anakwera matola mpaka pa Chisepo, n'kutsiriza ndi njinga yakabaza. Anafika m'mamawa chinyezi chisanathe, nthawi imene masamba ouma amafewa ndi kugwirika osaphwanyika. Banja lonse linali m'chigafa, shedi yaudzu youmitsiramo fodya. Mayi Faines, mkazi wa a Yoswa, anamulandira ndi manja awiri, anamuyalira chiguduli. A Yoswa anapereka moni wathunthu, kufunsa za ana ndi za a Jamal, koma maso awo anali pa chikwama cha mlendoyo.

Pakati pa chigafa panakhala bambo wina wamfupi, wadazi, amene ankamasula timitolo ta fodya tomwe a Yoswa anali atamanga kale. Anali a Solomoni, msuweni wawo, ndipo pa chisuweni palibe mawu oletsedwa.

"Msuweni, tsamba ili waliika muno kuti likhale mlonda wa anzake?" anatero a Solomoni, atalikweza m'mwamba. "Lakuda ngati mtima wako."

"Ndi labwino limenelo, libwezere."

"Labwino chifukwa unalithirira wekha ku nazale. Kuokushoni sakafunsa kuti unadzuka nthawi yanji." Analiponya pa mulu wina. "Nanga ili? Lalifupi ngati ine. Ukufuna belo yonse ibwerere chifukwa cha chifundo?"

A Yoswa anang'ung'udza, koma anatenga mtolo wina n'kuupereka okha m'manja mwa msuweni wawo.

Asiyatu anakhala pafupi ndi mayi Faines n'kuyamba kuthandiza kusanja masamba, aatali paokha, owala paokha. Anafunsa chifukwa chake a Solomoni amabwera.

"Chaka china abambo a Diana anasankha okha," anayankha mayi Faines mokweza dala, akuloza amuna awo ndi mutu. "Anati safuna maso a anthu pa fodya wawo. Mabelo anabwerera kuchokera kuokushoni ku Kanengo, akuti wosakaniza. Mwini fodya saona, amake Sadia. Tsamba lililonse ndi mwana wake. Ndiye chaka chilichonse a Solomoni amabwera kudzatitukwana, mawa lake abambo a Diana amapita kwawoko kukabweza."

"Ndimakabwezadi," anatero a Yoswa, ndipo kanali koyamba kumwetulira.

"Chodabwitsa ine n'chakuti fodya amaonetsa," anapitiriza mayi Faines, "koma mapepala amagona nawo pansi pa pilo. Ine ndikafuna kuyala bwino pabedi ndimayamba ndapempha chilolezo."

"Amayi, zimenezo n'zosiyana. Fodya sapita kwa sing'anga."

"Sapita?" a Solomoni anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga chaka chatha si iwe unkati wina wakukawira m'munda ndi mankhwala? Utaona kuti vuto ndi feteleza unangokhala chete."

Asiyatu anasanja fodya mpaka dzuwa litakwera ndipo masamba anayamba kuuma m'manja. Anadya nawo mbatata ndi thobwa losasasa limene mayi Faines anamusungira padera. Za koleji sanatchule. Potsanzika m'pamene anatsegula chikwama, n'kutulutsa mapepala a phunziro lake la chidede. Sanali osindikiza ayi. Anali oyamba aja, olemba ndi cholembera, ofufutafufuta.

"Bambo Mkanda, zanu sindikupemphani. Ndabweretsa zanga. Ili ndi dzanja langa, si la kompyuta, ndipo dzina langa lili pamwambapa. Mukafuna pitani nalo kwa sing'anga aliyense wa kuno ku Chisepo. Nzeru zanga zili m'manja mwa Allah. Koma musanapite nalo muliwerenge, chifukwa Mkenya uja wapeza cholakwa chimodzi, ndipo mtima ukundiuza kuti chilipo china. Agustino akuopa tiyi wanga. Ine ndilibe msuweni."

Anawaika pa belo n'kutsikizapo mwala.

"Taonani zimenezo," anatero mayi Faines akuomba m'manja. "Mkulu wa mpingo kuopa sing'anga, Msilamu n'kumamulimbitsa mtima."

A Yoswa sanaseke, ndipo mapepalawo sanawagwire. Anamuperekeza mlendo mpaka pamsewu, monga mwa ulemu, akukamba za mvula imene inatha msanga.

Zotsatira ndinazimva kwa mayi Faines. Mapepala aja anakwera pamwamba pa kabati, n'kukhala pomwepo masiku angapo. Mwamuna wawo ankawadutsa ngati munthu wodutsa galu wachilendo. M'mawa wina kunacha kouma, fodya sankagwirika, ndipo a Yoswa anasowa chochita. Mayi Faines akusesa pabwalo anamva m'nyumba mawu akuti, "Aaa! Ayi, ayi, ayi." Kenaka, "Amake Diana! Cholembera changa chofiira chili kuti?"

Munthu amene wachonga makope zaka zambiri angathe kupirira njala, koma sangapirire kuona cholakwa chili bwinobwino pa pepala.

Loweruka lomaliza a Jamal asanapite ku Lilongwe, Asiyatu ndi Agustino anakhala m'chipinda chija, ntchito zawo ziwiri zili pa disiki, yachitatu palibe. Agustino anali atasiya nthabwala. Ine ndinali mu sitolo kugula ulusi pamene njinga inaima pakhomo, fumbi lili mbuu. A Yoswa analowa osamasula n'komwe mphira wa m'miyendo.

"Mayi, mwalemba kuti mandimu mukathira madzi ambiri, asidi amatha. Ndani anakuuzani?"

"Mtundu unazimiririka, bambo."

"Unazimiririka chifukwa mwasungunula, osati chifukwa watha. Mchere mukauthira mu mtsuko wathunthu, wachoka? Ana amenewa akadzalemba zimenezi pa mayeso adzati anawauza ndi madamu." Anaika mapepala pa thumba la mchere. Anali ofiira mbali zonse. "Ndipo Mkenya wanuyo wanena zoona, koma sanakuuzeni chochita. Ana abwere ndi tizitsekerero ta mabotolo. Aliyense akhale ndi kake, dontho limodzi likwana."

Asiyatu anawerenga mzere ndi mzere, akugwedeza mutu. Atafika kumapeto anapeza kuti pansi pake pali mapepala ena, a dzanja lina, lija la nkhuku yopalasa.

"Nanga awa, bambo Mkanda?"

"Anangomatirira okha," anatero a Yoswa, akuyang'ana makatoni a machesi.

Phunziro lawo linali la mmene madzi amachokera m'zinthu n'kulowa mu mpweya. Anatengera ana ku chigafa cha pafupi ndi sukulu, anayeza kulemera kwa masamba aawisi pa sikelo ya mlimi, n'kumawayezanso pamene ankauma, ena pamphepo, ena pobisika. Linali phunziro lokongola, loposa la Asiyatu ndi la Agustino. Agustino ananena zimenezo, ndipo ulendo uno sunali moni.

Asiyatu anatenga cholembera, n'kuima pang'ono.

"Bambo, ndinene?"

"Mwayamba kale."

"Mwalemba kuti anyamata ankapachika masamba ndi kuwerenga sikelo, atsikana ankalemba manambala pabwalo. Atsikana angati anagwira sikeloyo?"

Ndinaona dzanja la a Yoswa likusendera kufuna kubweza mapepala. Linafika m'mphepete, n'kuima.

"M'chigafa muli fumbi," anatero.

"Mayi Faines ndinawapeza m'chigafa."

Agustino anabisa nkhope m'kapu ya tiyi. A Yoswa anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso.

"Lembani," anatero. "Koma mulembe zooneka."

Masana onsewo Asiyatu anataipa, a Yoswa ataima kumbuyo kwake kuwerenga mawu amene sankaoneka. A Jamal anasuzumira kufunsa ngati koleji ikufuna mabanzi, n'kunena kuti mabanziwo okha ndiwo si aulere. Disiki inapita ku Lilongwe m'thumba la malaya awo, yokulunga m'kansalu kuopa fumbi, ndipo Mahmud anatumiza zonse zitatu nthawi isanathe.

Masatifiketi anafika pa positi mvula yoyamba itagwa. Asiyatu anapita nayo yake kwa ahedi. Sinali dipuloma ya boma, ndipo iye sananene kuti ndi dipuloma. Koma ahedi atawerenga zimene anaphunzira, n'kukaima pa windo tsiku limene ana onse anali ndi tizitsekerero ta mabotolo pa desiki, nkhani yosiya kalasi sanaitchulenso. Mphunzitsi wa dipuloma atafikadi chaka chotsatira, anagawana makalasi, ndipo mlendoyo ndiye anayamba kupempha mapepala a chidede.

Kwa a Yoswa kunabwera china. Mphunzitsi wa ku Ghana analemba pa tsamba la koleji kuti watenga phunziro la chigafa, waliyesa ndi mbewu imene alimi a kwawo amayanika, ndipo layenda. A Yoswa anayenda nalo pepalalo m'thumba la jekete mpaka linang'ambika mopinda. Mayi Faines akuti anawagwira pamphumi n'kufunsa kuti, "Abambo a Diana, nzeru zapita ku Ghana. Mutu wapepuka?" Iwo anayankha kuti mayiwo akaone mbuzi.

Chipinda cha kuseri kwa sitolo chinadzaza. A Jamal anachotsa matumba a mchere n'kukhoma mashelefu, akudandaula kwa aliyense wofuna kumva. Aphunzitsi ankabwera kuchokera ku Malomo, ku Chisepo ndi m'masukulu a m'mapiri amene minibasi sifika. Lamulo la Asiyatu linali limodzi. Tengani chimene mukufuna, koma mukakayesa m'kalasi mudzabwere ndi pepala lonena pamene chinakanika. Ambiri poyamba ankabwera ndi moni. Iye ankawabwezera mokoma mtima, n'kuwatumiza kwa a Yoswa, amene Loweruka lililonse ankakhala pakona ndi cholembera chofiira, mapepala awoawo ali pa shelefu pamodzi ndi a ena onse.

Satifiketi ya Asiyatu ili m'sutikesi, pansi pa nsalu za pa Idi. Pa chitseko chija pali misomali iwiri. Wina wagwira ndemanga ya Mkenya, winawo wagwira tsamba lofiira la a Yoswa. Mlungu wathawu ndinapeza mtsikana wina amene wangoyamba kumene uphunzitsi ataima pamenepo, akuwerenga, kope lake atalikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Madamu, zolakwa zanu zomwe mumaonetsa anthu?"

"Zimenezo ndiye zothandiza," anatero Asiyatu, akutambasula dzanja. "Tabweretsani lanulo tione."